Phale la Njuchi za Atate

Atate anabwerako ku Halale nditangoyamba kupita ndekha kuchitsime. Anali atakhalitsa kumeneko, m'mafamu a fodya, moti tsiku limene anatulukira pabwalo ndinathawira kuseri kwa nkhokwe poyesa kuti kwabwera mlendo. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, jekete lalitali, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Khasu silinkawayanjanso. Akalima pang'ono ankaima n'kutsamira mpini, kutsokomola mpaka misozi kulengeza. Ndiye anabwerera ku ntchito imene anaiphunzira kwa atate awo ali mnyamata, yosunga njuchi.

Inali nthawi ya Chitaganya, tawuni ya Chipata tikuitchula Fort Jameson, kapena kungoti ku Boma. Mudzi wathu unali chakufupi ndi Madzimoyo. Unali mudzi wa kwawo kwa Amayi. Atate kwawo kunali ku Chiparamba, kuno anabwera chikamwini. Kumtunda kwa minda kunali nkhalango ya mombo ndi mtondo, ndipo m'mitengo imeneyo ndi mmene anapachika ming'oma yawo. Ankasenda khungwa la mombo lathunthu, n'kulilumikiza ndi zikhomo zamtengo, n'kutseka uku ndi uku ndi udzu wopota, kusiya kabowo kolowera njuchi. M'kati ankapakamo phula kuti njuchi zosamuka zimve fungo la kwawo, zilowe. Mng'oma umodzi wokha ndi umene sunali wa khungwa. Unali thunthu la mlombwa limene agogo anga aamuna anafukula ndi sompho, ndipo Atate anachita kuusenza paphewa kuchokera ku Chiparamba chaka chimene anakwatira.

Mkamwini wosalima amanenedwa m'mudzi. Koma Atate sankanenedwa, chifukwa cha uchi. Mwana akadwala chifuwa, mayi ake ankabwera kwathu ndi kabotolo. Phula ankapita nalo kumasitolo a Amwenye ku Boma. Pamaliro, paukwati, Atate ankapatsidwa mpando ngati mwini mudzi mnzawo.

Ine ndinali mwana wosalankhula. Kusukulu ya mishoni asisitere akandifunsa funso, yankho ndinkalidziwa, koma linkathera pakhosi. Amalume, mlongo wawo wa Amayi, munthu wa nthabwala amene kaliwo sankachoka pakamwa pawo, anandipatsa dzina loti Asisitere, ati ndinalumbira kukhala chete ndisanabatizidwe n'komwe. Zimene zinkandikanika kunena ndinkazilemba. Ndinkang'amba masamba otsala m'makope akale, n'kuwasoka ndi ulusi, n'kumalembamo za tsikulo: nkhuku yaswa, mnzanga wandiseka, Atate atsokomola kwambiri lero. Makopewo ndinkawasomeka m'denga, mmene chiswe chinkawadya m'mphepete.

Popita kukafula uchi Atate ankanditenga kuti ndikasenze chidebe. Anasankha ine chifukwa sindinkathamanga, sindinkakuwa. Ndinkaima patali pamene iwo akukwera ndi muuni wa udzu, n'kudikira chidebe chitsike pachingwe cha luzi.

Anali ndi mwambo umene anautenga kwa agogo. Pakati pa nkhalangoyo panali mwala wafulati, ndipo pamwalapo pankakhala phale lalikulu la mtsuko wosweka. Akatha kufula, ankatenga zotsalira zonse, malesa ophwanyika, zokokota za m'chidebe, n'kuziika m'phalemo. Kenako ankawomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Eni ake, landirani zanu." Akatero ankatembenuka n'kumapita osacheuka. Anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti paphale sitiimapo.

"Ukampatsa munthu chakudya, umakhala n'kumamuwerenga pakamwa?" anandifunsa.

"Ayi, Atate."

"Njuchinso n'chimodzimodzi. Tatenga zawo, tabweza, tizipita."

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, njuchi zinayamba kudwala. Tinayamba kuona m'munsi mwa mitengo njuchi zokwawa pansi, zakuda bii, zonyezimira ngati zapakidwa mafuta, ubweya wonse utathothoka. Mapiko ankanjenjemera koma osauluka. Zinzake pakhomo pa mng'oma zinkazikankhira kunja. Mng'oma umene kale unkamveka uli patali unkayamba kulira motsitsa, kenako zii. Atate ankautsitsa, n'kupeza malesa ali pomwepo, eni ake atatha. Ankakokota phula lake n'kukapaka m'ming'oma yatsopano monga mwa masiku onse, koma njuchi zikalowamo sizinkachedwa kuyamba kukwawa nazonso. Anayesa kusintha mitengo. Anamanga minga kuopa chiuli, anathira phulusa kuopa linthumbu. Matendawo ankangolumpha kuchoka mtengo uwu kupita mtengo uwo.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, Amayi ndi ine tikuswa nsawa pakhonde, Atate anabwera kuchokera kunkhalango n'kukhala pamtondo wogwetsa.

"Amake mwana, njuchi zikutha."

"Zibweranso," anatero Amayi, maso ali palichero. "Njuchi zimapita, zimabwera."

"Izi sizikupita. Zikufera pakhomo. Mombo ukadzaphuka masamba ofiira ming'oma ili chete, ndikwera lole ija yotenga anthu a kumafamu. Sindingakhale pamudzi pa eni ndikudya thukuta la mkazi."

Amayi anaika lichero pansi. "Ndi chifuwa chimenecho? M'zigafa za fodya?"

"Chifuwa n'changa."

"Ndi changanso. Amene amadzuka kukuwiritsirani madzi ndani?"

Mawa lake Atate anatsitsa sutikesi ija pamtanda pamene inkakhala, anaipukuta dzimbiri, anathira mafuta pa loko, n'kuiimika pafupi ndi chitseko. Aliyense wolowa kapena kutuluka ankaiona. Ine ndinkaizungulira ngati njoka. Ndinkadziwa amuna a m'mudzi mwathu amene anakwera lole imeneyo ali athanzi, osabwerako. Atate akanakwera ndi chifuwa chija, sitikanawaonanso.

Nyengo ya chisanu itafika, anakafula pang'ono m'ming'oma imene inali idakali ndi mphamvu. Anaika zotsalira m'phale, anawomba m'manja, tinanyamuka. Titafika m'mphepete mwa munda ndinazindikira kuti nkhata yanga ndaisiya pamwala. Atate anasenza okha chidebe n'kundiuza kuti ndithamangire.

Nkhata ndinaipeza, koma njuchi zinali zitafika kale, ndipo sindinathe kuchoka. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwalawo, manja pamiyendo. Kukhala chete ndiye ntchito imene ndinkaidziwa kuposa aliyense m'mudzi. Njuchi zikamadya sizilabadira munthu. Zinkatera pamkono panga n'kunyamukanso.

M'phalemo munali njuchi zothinana, zina pamwamba pa zinzake. Zikakhuta zinkakwera m'mwamba, n'kuzungulira kamodzi, n'kulunjika kwawo: izi kumtondo wa kumadzulo, izi kumombo wa pachulu, izi ku mng'oma wa agogo. Ming'oma yonse ya Atate inkakumana pamenepo. Ndipo zodwala zinalinso pomwepo, zimene zinkathabe kuuluka, zakuda pang'ono kumsana, zikunjenjemera. Zathanzi zinkazinyambita uchi pathupi, malilime n'kumakhudzana.

Kenako ndinaona china. Pamsana pa njuchi zina panali tinthu tofiirira, tozungulira ngati njere za mawere. Poyamba ndinayesa fumbi la maluwa. Koma njuchi ziwiri zitagundana, kanjere kaja kanathamanga kuchoka pa iyi n'kukakwera pa inayo, msangamsanga, ngati kali ndi nthawi yake. Ndinayang'anitsitsa. Tinali tambiri. Njuchi inkabwera yoyera, n'kubwerera kwawo itabereka mlendo.

Ndinakumbukira zimene zinachitika kusukulu chaka chapitacho. Nsabwe zinalowa m'kalasi mwathu, ndipo atsikana tonse tinkakanda mitu. Asisitere sanafunse kuti zinayamba ndi ndani. Anangotilanda chipeso chimodzi chimene tinkabwerekana popuma, n'kulamula kuti aliyense azipesa ndi chake. Ndinayang'ana phale lija, ndinaona chipeso chathu chija.

Kudziwa kunali kosavuta. Kunena ndiye kunali phiri. Ndikanawauza bwanji Atate kuti mwambo wa atate awo ndi umene ukugawa matenda, komanso kuti ndinakhala pamalo amene anandiletsa? Ndinalemba m'kope langa, koma kope silikanaletsa lole. Ndinapita kwa Amayi ali pamtondo, n'kuwanong'oneza zonse.

Anasiya kusinja. "Kawauze wekha. Ndikanena ine, ati ndapeka kuti ndiwaletse ulendo."

"Ndikuopa, Amayi."

"Opa uku ukuyenda. Miyendo siimva mantha."

Ndinawapeza Atate pansi pa mtengo wa mango akupota luzi, Amalume ali pambali ndi kaliwo wawo. Ndinagwada chapatali.

"Atate, ndili ndi mawu."

Amalume anachotsa kaliwo pakamwa. "Alamu, mwamva? Asisitere ali ndi mawu! Anulani chimanga, mvula igwa mwezi uno."

"Musiyeni mwana, alamu. Nena, mama," anatero Atate.

"Ndikupempha mukakhale paphale."

Manja a Atate anaima pa luzi. "Paphale sitikhalapo. Ndinakuuza."

"Ine ndinakhalapo, tsiku la nkhata lija."

Ndinayembekeza kukalipiridwa. Koma maso sindinagwetse pansi monga ndinkachitira nthawi zonse, ndipo ndikuganiza kuti chimenechi ndi chimene chinawadabwitsa.

"Sizinakulume?"

"Ayi. Zikamadya siziluma."

"Ndiye unaonako chiyani?"

"Matenda akudutsira pamenepo, Atate. Zodwala ndi zathanzi zikudyera pamodzi. Palinso tinsabwe tofiira tikusintha misana. Ndikafotokoza ndiphonya. Mukaone nokha."

Atate anapitiriza kupota luzi, koma ankapota mobwerera, chingwe n'kumamasuka. "Atate anga anasunga njuchi mpaka imvi, phale lili pomwepo. Sizinafe."

"Mwina nthawi imeneyo kunalibe yodwala," ndinatero. Mpaka lero ndimadabwa kuti mawu amenewo anatuluka bwanji.

Amalume anaseka mpaka kutsamwa utsi. "Alamu, mwambowo ndi wa inu a ku Chiparamba. Ine ndi mbumba yangayi sutikhudza. Tiyeni tipite. Inu mukatipatse msana, muzikayang'ana kuphiri, ife tizikakuuzani ngati wailesi ya ku Boma."

Tinapita mawa lake dzuwa litatentha. Atate anaika kachidutswa ka malesa m'phale, anawomba m'manja, n'kutembenuka monga mwa mwambo. Anaimadi chotipatsa msana, manja atawapinda kumbuyo. Njuchi zinayamba kufika.

"Yafika ya kuchulu," anayamba Amalume. "Yapereka moni. Yafika ina yakuda ngati yachokera kumaliro. Aa, alamu, ikupsompsona mkazi wa mwini! Eee, Asisitere, kanthu kaja n'kameneka? Kadumpha! Alamu, kadumpha ngati mnyamata wothawa msonkho!"

Atate anapirira pang'ono. Kenako ndinamva akuyankhula motsitsa, osati kwa ife: "Mundikhululukire, eni ake." Anatembenuka, anabwera, n'kugwada pambali panga. Ndinawalozera ndi kaudzu. Anayang'ana mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha kuchoka pamwala. Munthu amene anasunga njuchi kuyambira unyamata wake anali asanaonepo njuchi zake zikudya.

Amalume kukhala chete kunkawapweteka. Anakoka kaliwo n'kuuzira utsi m'phalemo. "Nanunso sutaniko, alendo, musati alamu anga ndi omana."

Njuchi zinadzandira, zina zinauluka. Pamwala panatsala tinjere tofiira tija titagwa chagada, osagwedezeka.

"Uzirani kachiwiri," anatero Atate.

Anauziranso. Tinagwanso tina. Tinadikira, ndipo patapita kanthawi timiyendo tinayamba kuphiriphitha, kamodzi kanadzuka n'kuyamba kufunafuna msana wokwera. Atate anakaphwanya ndi chikhadabo.

"Fodya amatiledzeretsa chabe, satipha," anatero. "Kumafamu tinkaviika zinyenyeswa zake m'madzi n'kuwaza ndiwo zikagwidwa nsabwe. Tikagwa, tiyenera kuchotsedwa tisanadzuke."

"Mwaona?" anatero Amalume. "Mlongo wanga amati kaliwo ameneyu adzandipha. Lero ndi dokotala."

Pobwerera Atate anatsogola mpaka pamunda. Pamenepo anaima n'kunena kuti, "Kubwezera sindileka. Munthu sungatenge cha mnzako n'kupita chimanjamanja. Koma aliyense azidyera kwawo." Kuyambira tsiku limenelo, zotsalira za mng'oma uliwonse ankazibwezera m'kati mwa mng'oma womwewo asanatseke, n'kuwombera m'manja pamtengo pomwepo. Phale analivundikira pamwala paja. Sanaliswe, sanalichotse.

Ntchito ya fodya tinaigwira m'mamawa, kukuzizira, njuchi zisanachangamuke. Amalume anapereka fodya wawo wakuda wopota, akudandaula ngati wapereka ng'ombe, ndipo ankamanga timiuni ta udzu, pakati ataikapo kachidutswa ka fodyayo. Kukwera mumtengo anakana. Ati iwo ndi njuchi anagwirizana kalekale kuti aliyense azikhala kwake. Vuto linali lotulutsa tinsabweto mu mng'oma. Malesa amalendewera kuchokera kumwamba, pansi pamatsala mpata wolowa dzanja lokha. Pankafunika chinthu chopyapyala, choyera, choti chilowe pansipo tinsabwe tigwerepo.

Ndinapita kunyumba, ndinasolola m'denga kope limene ndinali nditangosoka kumene, n'kumasula ulusi. Mapepala oyera sankapezeka wamba masiku amenewo, ndipo amenewa ndinawasonkhanitsa chaka chathunthu. Tinawalumikiza ndi minga n'kuwapanira pabango long'alula.

"Nanga ulemba pati?" anafunsa Atate.

"Ndisunga m'mutu kaye."

Mng'oma woyamba tinaonjeza fodya. Atate atatsegula, njuchi zinali zitagwa mulu, zili phee. Anatsika mumtengo nkhope itasintha, n'kukhala pansi, akutsokomola. Ine ndinatola njuchi zimene zinagwera m'udzu, imodziimodzi, n'kuziyala pakhungwa padzuwa. Dzuwa litakwera zinayamba kupukuta nkhope ndi timiyendo takutsogolo, n'kumanyamuka. Amalume anati anaziwonapo zotere pamowa wa masese, onse amadzuka, kungoti mutu. Kuchokera apo tinaphunzira muyeso: fodya wochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, utsi pang'ono, kudikira, kenako kusolola pepala. Linkatuluka litachita mathothomathotho ofiira. Atate ankaliponya pansi, ine n'kulikutumulira pamoto n'kulibwezanso m'mwamba. Tinazungulira ming'oma yonse yamoyo, ndipo patapita masabata tinabwerezanso, chifukwa tina tinkaswa pambuyo. Ulendo uliwonse pepala linkabwera loyererako.

Utsi unkawapweteka Atate. Amayi anawasokera kansalu konyowetsa kotseka pamphuno, ndipo ankatsika kawirikawiri kukapuma. Koma sindinawamvepo akudandaula. Ankakwera ngati munthu amene wapeza mdani woti n'kumuona ndi maso.

Matenda onjenjemera aja fodya sankawakhudza. Atate anaona okha kuti phula la ming'oma yakufa, limene ankapaka m'ming'oma yatsopano, linalinso phale lina. Anatsitsa ming'oma yonse imene inafa, anaiunjika pachulu n'kuitentha, phula ndi malesa omwe. Unatsala umodzi, wa agogo. Munali mutatsala njuchi zochepa, pafupifupi zonse zakuda, ndipo za m'ming'oma ina zinali zitayamba kulowamo kukaba uchi popeza pakhomo panalibe mlonda.

Tsiku limenelo Amayi anabwera nafe kunkhalango, kumene sankapitako. Atate anatsitsa mng'oma wa agogowo pang'onopang'ono ndi zingwe ziwiri, anaugoneka pansi, n'kukhala pambali pake dzanja lili pathunthu. Pamtengopo pankaoneka zipsera za sompho ya agogo.

"Ndinausenza kuchokera ku Chiparamba," anatero. "Phewa linatupa sabata yonse. Anthu ankandiseka kuti mkamwini wabwera ndi bokosi lake la maliro."

"Ndinkaseka nawo," anatero Amayi. "Atate ake mwana, mlombwa si khungwa. Nkhali ikanunkha sitiiswa, timaiwamba pamoto. Wambani m'kati, thunthu litsale."

Atate anawayang'ana, n'kugwedeza mutu movomereza. Njuchi zotsalazo anazigoneka ndi utsi wambiri kuti zisamve kanthu. Ine ndinayang'ana kumbali, ndinalira mwakachetechete, chifukwa zinali zisanalakwe chilichonse. Anatulutsa malesa onse n'kuwatentha pamodzi ndi njuchizo, kenako anadzaza udzu wouma m'thunthumo n'kuyatsa, akuligubuduza mpaka m'kati monse munada. Analiimika padzuwa pamwala uja, pambali pa phale, kuti likhale pamenepo chilimwe chonse.

Kenako kunali kudikira. Sikuti zonse zinachira pomwepo. Mng'oma wa kumtondo wa kumadzulo unafabe, ndi wina wa kumtsinje, ndipo yonseyo inapita pamoto. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera kunkhalango, n'kumayenda pansi pa mtengo uliwonse ndikuyang'ana m'udzu. Njuchi zokwawa zinkachepa. Pansi pa mombo wa pachulu ndinapita kangapo osapezapo ngakhale imodzi. Ndikafika kunyumba Atate ankandifunsa pamaso pa anthu, "Zili bwanji kumtunda, mama?" ndipo ndinkayankha mokweza, osabisala kuseri kwa Amayi. Sutikesi inali idakali pachitseko.

Ndakula tsopano, ndipo ndamva kuti alimi a njuchi a masiku ano akulimbana ndi kachilombo kena kofiira kamene kanabwera pambuyo pake, koyamwa njuchi ndi ana ake n'kumafalitsa mavairasi. Ndamvanso kuti tinsabwe tathu tija patokha sitinali toopsa kwambiri, ndipo kuti kunjenjemera kuja kunali matenda ena oyenda pamene njuchi zathinana ndi kunyambitana. Mwina fodya wa Amalume anathandiza pang'ono chabe. Koma za phale ndi phula sindikayika. Tinatseka njira imene matenda ankadutsa, ndipo anasiya kudutsa.

Kutentha kutayamba, phiri lonse linafiira ndi masamba atsopano a mombo. Uthenga unafika kuti lole idzaima pamsewu waukulu Loweruka, ndipo anyamata ena a m'mudzi anayamba kutsanzika. Lachisanu m'mawa Atate anandiuza kuti ndisapite kumunda ndi Amayi, ndiwaperekeze kumtunda. Sitinatenge chidebe kapena muuni. Tinkangoima pansi pa mtengo uliwonse. Mombo unali utachita maluwa, ndipo ming'oma imene inatsala inkalira ngati galimoto ikukwera chitunda. Njuchi zinkalowa zitanyamula ufa wachikasu m'miyendo, zaubweya, zaukali. Imodzi inawaluma Atate pakhutu tili patali ndithu.

"Iyi ndiye njuchi," anatero akuchotsa mbola, akumwetulira. "Yodwala ilibe nthawi yolumana."

Anatenga phula loyera la mng'oma wa pachulu, anapaka m'thunthu la agogo, ndipo tinathandizana kulikweza pamphanda yake yakale. Linakhala lopanda kanthu chaka chimenecho. Njuchi zinadzalowamo chaka chotsatira, mvula itatha.

Titafika kunyumba tinapeza Amalume pakhonde, Amayi akupeta chapafupi, onse akunamizira kuti sakutidikira.

"Nanga alamu, chipewa chija munati mudzandigulira ku Halale ndiyembekeze?" anafunsa Amalume.

"Gulani nokha ku Boma," anatero Atate. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi sutikesi ija, n'kuiika patsogolo panga. "Makope ako aja umasunga kuti?"

"M'denga, Atate. Chiswe chimadya."

"Uziika umu. Loko wake ndinathira mafuta." Anandipatsa kiyi ali pakachingwe.

Amayi anapitiriza kupeta, koma m'lichero munalibenso chopeta. Loweruka tinamva lole ikulira pamsewu waukulu, Atate ali pansi pa mango akusema zikhomo za ming'oma yatsopano, ine ndikuwagwirira khungwa.